Bizinesi yongokhala m'mutu mwa mwini wake palibe angaigule

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga a mabizinesi kudzera m'nyuzipepala yanuyi, makamaka ife amene mutu wayamba kuyera ndipo mawondo ayamba kudandaula. Nkhani za kayambidwe ka bizinesi timaziwerenga pafupipafupi: uyu watenga ngongole ku NEEF, awa aphunzitsidwa ndi a SMEDI, gulu la amayi lagula makina osokera. N'zabwino ndithu. Koma za mmene munthu angagulitsire bizinesi yomwe waikulitsa yekha, kapena mmene angakhalire pansi ndi anthu ofuna kuikamo ndalama zawo, sindinaone wina akuzilemba m'Chichewa. Timangomva za zikuluzikulu, monga pamene Carlsberg inagulitsa masheya ake kwa Castel mu 2016, ndiye timati zimenezo ndi za anthu a mataye a ku Blantyre. Chonsecho m'matauni athu ang'onoang'ono muli zigayo, mabekare, magalaja ndi malo ogona alendo omwe eni ake atopa ndipo ana awo safuna kuwayendetsa. Mwini akangotsamira mkono, zonse zimagawidwa pa sadaka, wina makina, wina malata, bizinesi n'kuthera pomwepo. Mutapeza loya ndi akauntanti oti azilemba za nkhani zimenezi m'chilankhulo chathu, mungathandize anthu ambiri.

Ine ndimapanga chiponde kuno ku Mchinji. Ndinayamba ndi kamakina kamodzi kuseri kwa nyumba, ndikugulitsa m'mabotolo otsuka kwa aphunzitsi ndi anamwino. Lero pali kafakitale, antchito olembedwa, ndi mashopu a ku Lilongwe omwe amaoda mwezi ndi mwezi. Ana anga wina ndi namwino, wina ali ku Johannesburg, ndipo onse anandiuza mosapsatira kuti za mtedza si zawo. Panopa ndili mkati mokambirana ndi anthu ofuna kugula gawo lalikulu la kampani. Sitinasainirane zonse, choncho muwerenge izi podziwa kuti akulemba ndi munthu amene nkhani yake idakali pamoto.

Chimene chinandidzutsa ndi zomwe zinawachitikira bambo ena a kwathu kuno, omwe anali ndi zigayo m'malo angapo. Aliyense ankadziwa kuti zigayozo zimapanga ndalama, chifukwa mzere wa amayi unkayamba kusanache. Matenda a shuga atawafooketsa, anafuna kugulitsa. Wogula anafunsa mabuku, mabuku panalibe. Ndalama ya chigayo, ya fodya ndi ya fizi ya ana zinkalowa ndi kutuluka m'thumba limodzi. Mita ya ESCOM inali m'dzina la mkulu wawo amene anamwalira kalekale. Malo anachita kupatsidwa ndi amfumu pakamwa. Wogulayo anawauza mwaulemu kuti, "Bambo, ma mota ndi zigayozi ndigula pa mtengo wa zogwiritsidwa kale ntchito, koma bizinesi yomwe mukunenayo ine sindikuiona." Anagulitsa zitsulo basi. Mzere uja wa amayi, womwe anauvutikira moyo wawo wonse, sanaulandirire ngakhale tambala.

Wogula salipira thukuta lanu la dzana ndi dzulo. Amalipira ndalama zomwe bizinesiyo idzapange inu mutachokapo, ndipo amafuna umboni woti aone ndi maso. Umboni umenewo sukonzedwa pa sabata imodzi ayi. Ine ndinayamba kuukonza nyengo zingapo za mtedza ndisanauze munthu aliyense kuti ndikufuna kugulitsa.

Ambirife tinangolembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General. Chiphaso chimenecho chimathandiza potsegula akaunti kubanki, koma mwalamulo bizinesiyo ndi inu nomwe. Ngongole zake ndi zanu, ndipo masheya oti mugulitse mulibe. Anthu oika ndalama amafuna kampani ya Limited, yolembetsedwa potsata Companies Act ya 2013, yokhala ndi katundu wakewake, akaunti yake ndi nambala yake ya msonkho (TPIN). Kulembetsako sikunavute. Chinadya nthawi ndi kusamutsa zinthu kuchoka m'dzina langa kupita m'dzina la kampani: makina okazingira ndi opera, galimoto ya katundu ku Road Traffic, mita ya magetsi, inshuwalansi, mpaka manambala a Airtel Money ndi Mpamba omwe makasitomala amalipirirapo. Kuyambira pamenepo, ndikafuna ndalama ya ndiwo sindipisanso dzanja m'kabati ya kampani. Ndimadikira malipiro anga kumapeto kwa mwezi ngati wina aliyense.

Apa ndinene zomwe ambiri sitifuna kumva. Alipo anzathu amene amagulitsa katundu wambiri popanda lisiti kuti msonkho uchepe. Tsiku logulitsa bizinesi likafika, amanong'oneza wogula kuti, "Mabukuwa akuonetsa zochepa, koma zenizeni ndi zambiri." Wogula wanzeru amangomwetulira. Iye alipira potengera zomwe zili m'mabuku, ndipo tsopano wadziwanso kuti kampaniyi ili ndi ngongole ya msonkho yobisika yomwe idzamugwere iyeyo a MRA akadzabwera. Mtengo amautsitsa kawiri. Zomwe munabisira a MRA mwabisiranso wogula wanu. Komanso posintha umwini wa kampani kapena wa malo pamafunika chiphaso cha MRA chosonyeza kuti misonkho yanu ili bwino, ndipo phindu lomwe mwapeza pogulitsapo nalonso lili ndi msonkho wake. Mufunseni akauntanti wovomerezeka ndi bungwe la ICAM akuwerengereni msonkho umenewo musanavomere mtengo, kuti mudziwe ndalama yeniyeni yomwe ifike m'manja mwanu.

Ngongole nazo muzitchule nokha asanazitulukire. Ngakhale pamene boma linkagulitsa Malawi Savings Bank kwa FDH mu 2015, phokoso lalikulu linali pa ngongole zomwe anthu ena sanabweze ku bankiyo ndi funso loti azisenza ndani. Ngati zinavuta pa banki, kuli bwanji pa ife? Ine ndinalemba zonse papepala limodzi: ya kubanki, ya alimi omwe anali asanalandire za mtedza wawo, ya wogulitsa mabotolo, komanso mashopu omwe anatenga katundu osalipira, kuphatikizapo awiri omwe ndikudziwa kuti sadzalipiranso. Ya banki mkhonde ndinaibweza ndisanayambe zokambirana. Wogula akapeza yekha ngongole imodzi yomwe simunaitchule, amayamba kukayikira pepala lililonse lomwe mwamupatsa.

Nkhani ya malo ndi yomwe inandisowetsa tulo. Fakitale ili pa malo a kuchikazi kwathu, ndipo kuno munthu sungodzuka n'kugulitsa malo a mbumba ngati amalume ndi abale sanamve. Tinakhala pansi, amfumu anamva, a ku unduna wa za malo anabwera kudzayeza. Malamulo a malo anasinthidwa mu 2016 ndi mu 2022, ndipo ngati mwa ogulawo muli munthu wakunja nkhaniyi imalimba kwambiri. Mapeto ake ndinasankha kuti malo ndi nyumba sindigulitsa. Zikhala zanga, kampani izilipira lendi mwezi ndi mwezi pa mgwirizano wolembedwa. Ogulawo anasangalala chifukwa ndalama yotulutsa inachepa, abale anakhazikika mtima, ine ndapeza penshoni. Amene muli ndi malo anuanu ganizirani njira imeneyi musanaphatikize zonse pa mtengo umodzi.

Munthu akangomva kuti mukugulitsa, alendo amachuluka. Ena ndi madobadoba ongofuna kudyapo. Ena ndi opikisana nanu amene akufuna kudziwa alimi omwe mumagulako, mtengo womwe mumapatsa mashopu ndi kasakanizidwe ka chiponde chanu, kenako azimiririke. Ndiye palinso aja a pa Facebook ndi WhatsApp omwe amati ali ndi madola ambiri kunja, koma muyambe mwatumiza kandalama kotsegulira failo. Wofunadi kuika ndalama sakulipiritsani kuti akupatseni ndalama. Ine sindinaonetse munthu mabuku asanasaine pepala lolonjeza kusunga chinsinsi, ndipo mayina a magulu a alimi ndi kasakanizidwe ndinazisunga mpaka zokambirana zitafika patali. Nanenso ndinawafufuza: kampani yawo inalembetsedwadi? Anaikapo ndalama kuti? Ndinakwera basi kukacheza ndi mayi wina yemwe anagwirapo nawo ntchito, ndipo zomwe anandiuza pa khonde pake sizikanapezeka m'kabuku kawo kokongola.

Tsiku lodzaona fakitale anabwera atatu: mnyamata wolankhula kwambiri, bambo wachikulire wosalankhula, ndi mtsikana wa zowerengera atakolekera laputopu paphewa. Tiyi yemwe ndinawakonzera anazizira. Mtsikanayo anapempha kiyi wa nyumba yosungiramo mtedza, n'kuwerenga matumba limodzilimodzi akuyerekeza ndi za m'buku. Ena anawakweza pa sikelo. Kenako anasuntha matumba a pamwamba, n'kupisa dzanja m'thumba la pakona pansi penipeni, n'kutapa mtedza woti akaupimitse chuku. Amene mumachita za mtedza mukudziwa: chuku chimabwera mtedza ukasungidwa wachinyezi, kapena mlimi akauwaza madzi kuti usavute kuswa, ndipo poizoni wake saoneka ndi maso. Ndi chimodzi mwa zomwe zinatitayitsa misika ya ku Ulaya komwe Chalimbana wathu ankapita kale. Ndinamutulutsira failo ya chiphaso cha Malawi Bureau of Standards ndi zotsatira za kupima konse komwe tinachita. Anaijambula tsamba ndi tsamba. Atatero anatenga malisiti a mwezi umodzi womwe anasankha yekha, n'kumawalondola mpaka pa sitetimenti ya kubanki.

Bambo wachikulire uja anafunsa funso limodzi lokha. "Mayi, inu mutagonekedwa m'chipatala mwezi wathunthu nthawi yokolola, mtedza angagule ndani?" Ndinaitana mtsikana wathu wogula mbewu, yemwe tsopano ndi amene amayenda ku Kamwendo, ku Mkanda ndi ku Kapiri, atanyamula mapangano olembedwa ndi magulu a alimi. Sanakhutire ndi yankho langa. Anapita yekha kwa a folomani, ine kulibe, n'kuwafunsa kuti, "Achimwene, makina akafa mumaimbira ndani?" A folomani anatchula makaniki wa ku Lilongwe, osati ine. Ndikukhulupirira kuti yankho limenelo linakweza mtengo kuposa zonse zomwe ndinalankhula tsiku limenelo. Kale muyeso wa mchere, nthawi yokazingira ndi manambala a eni mashopu zinali m'mutu mwanga ndi m'foni mwanga. Kuzilemba ndi kuzipereka kwa ena kumapweteka, chifukwa umaona ngati sukufunikanso. Koma amene akugula akufuna bizinesi yomwe siikufunani inuyo.

Pa mtengo tinalimbana. Iwo sanayambire pa makina, anayambira pa phindu la pachaka, ndipo analisenda. Anachotsapo malipiro a manijala yemwe adzalembedwe m'malo mwanga, omwe ndi okwera kuposa omwe ndimadzipatsa. Anachotsapo malipiro a mwana wa mchemwali wanga yemwe amathandiza kumata mapepala pa mabotolo popanda kulandira kanthu. Anachotsapo lendi ija ndinaisangalalira. Phindu lomwe ndinkanyadira linafota ndikuona, ndipo sindikanatsutsa chifukwa zinali zoona. Koma nanenso ndinali ndi zanga. Ankafuna kuwerengera kwambiri chaka cha 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo tinkagaya ndi jenereta. Ndinawatulutsira malisiti onse a dizilo n'kuwauza kuti, "Ana anga, chaka chimenechi si nkhope ya bizinesi ino." Ndalama yofolereranso denga, yomwe situluka chaka ndi chaka, ndinaibwezeretsanso pa phindu. Popanda malisiti ndikanangoti ndikhulupirireni, ndipo pa ndalama palibe amakhulupirira mnzake.

Chinandipatsa mphamvu china ndi choti panali wogula wachiwiri, wamalonda wa mbewu yemwe ankafuna kutenga zonse nthawi imodzi. Mtengo wake unali wotsika, koma analipo, ndipo enawo ankadziwa kuti alipo. Atandipempha kuti ndisiye kulankhula ndi wina aliyense pamene iwo akufufuza, ndinavomera koma kwa nthawi yolembedwa, yokhala ndi tsiku lothera. Komanso musapite kokambirana mtengo muli ndi njala. Munthu amene akugulitsa chifukwa banki ikufuna kulanda nyumba sabata ya mawa sanenerera, amangolandira.

Pali chinthu china chimene loya anandifotokozera mpaka ndinachita kuchilemba m'kope. Munthu akati akuika ndalama mu bizinesi yanu, funsani kuti ndalamayo ikupita kuti. Tiyerekeze kuti mwagwirizana kuti kampani ndi ya K100 miliyoni ndipo iye wabwera ndi K50 miliyoni. Akagula masheya anu, ndalamayo ilowa m'thumba mwanu, inu mutsala ndi theka la kampani. Koma akaiika m'kampani kuti mugule makina atsopano, kampani ipanga masheya ena, ikhala ya K150 miliyoni, iye atenga gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo inu mupita kunyumba opanda kobiri. Njira zonsezi n'zabwino malinga ndi chomwe mukufuna. Wachinyamata wofuna kukulitsa bizinesi angakonde yachiwiriyo. Ine wofuna kupuma ndinaumirira kuti gawo lalikulu likhale la njira yoyamba.

Mukatsala ndi masheya ochepa, dziwani kuti mawu anu achepanso. Amene ali ndi oposa theka ndiye amasankha oyendetsa kampani, ndipo akhoza kumanena chaka ndi chaka kuti phindu lisagawidwe, libwerere mu bizinesi. Inu muli ndi masheya papepala koma mulibe chogulira sopo. Pali ziganizo zina zikuluzikulu zomwe zimafuna kuti eni masheya okwana 75 pa 100 alionse avomereze, n'chifukwa chake ine ndakana kutsika mpaka pa 25. Ndapemphanso kuti zilembedwe kuti ndikhala ndi mpando mu bodi, ndizilandira lipoti la ndalama mwezi ndi mwezi, kampani isatenge ngongole yaikulu kapena kupanga masheya ena ine osavomera, ndipo tsiku lomwe iwo adzagulitse gawo lawo, langa lidzagulidwenso pa mtengo womwewo. Mnyamata wolankhula uja anati, "Mayi, ife ndi inu ndi banja limodzi, zonsezi n'zachiyani?" Ndinamuyankha kuti ndi m'banja momwe anthu amakanganirana chuma kwambiri, tilembe basi.

Kalipiridwe ndi nkhani ina yomwe mtengo wokoma umabisa. Anafuna kupereka pang'ono poyamba, zotsalazo pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. M'dziko muno zimenezo n'zoopsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti wina anatsala ndi ngongole yanu ya K60 miliyoni usiku umenewo. Madzulo inali pafupifupi madola 50,800, kutacha inali pafupifupi madola 35,300, iye osaphwanya pangano lililonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndinalolera kutsitsako mtengo pang'ono kuti ndilandire zambiri tsiku losaina. Zotsalazo zikhala ndi chiwongoladzanja, ndipo masheya ofanana ndi ndalama yotsalayo sasamutsidwa mpaka italipidwa. Ena amathamangira kulemba mtengo mu madola, koma funsani loya kaye chifukwa a Reserve Bank ali ndi malamulo awo pa nkhani ya ndalama zakunja. Anayesanso kunena kuti gawo lina ndidzalandira pokhapokha phindu la chaka chamawa likadzafika pakutipakuti. Ndinafunsa kuti, poti chaka chamawa woyendetsa ndinu, mukadzagula magalimoto atatu a mabwana phindu n'kuchepa, wolangidwa ndikhale ine? Tagwirizana kuti gawo limenelo likhale laling'ono, ndipo liziyezedwa ndi kuchuluka kwa katundu wogulitsidwa, osati phindu.

Musaiwale chikole. Ngongole ya makina yomwe kampani inatenga kubanki inaimiridwa ndi nyumba yanga yogona. Kugulitsa masheya sikumasula nyumbayo. Kampani ikhoza kukhala ya ena, koma akalephera kubweza banki idzagogoda pakhomo panga. Ndaika m'pangano kuti pepala la nyumba libwerere kwa ine tsiku losaina lisanadutse, iwo apereke chikole chawo.

Za antchito ndinaziyamba msanga chifukwa mphekesera zimathamanga. Employment Act imati bizinesi ikagulitsidwa antchito amapitirira ndi mwini watsopano ndipo zaka zomwe agwira sizifufutika. Wogula amafuna kuona makalata olembera ntchito ndi umboni woti ndalama za penshoni, 10 peresenti ya bwana ndi 5 peresenti ya wantchito, zinkapitadi kumene ziyenera kupita. Zikapezeka kuti sizinkapita, azichotsa pa mtengo wanu. Ndinawauza ndekha antchito anga tisanatseke fakitale tsiku lina Lachisanu. Mayi wina wosankha mtedza, yemwe tinayamba limodzi kuseri kwa nyumba, anangofunsa kuti, "Nanga maliro akatigwera, tizipita kwa ndani?" Funso limenelo silili m'lamulo lililonse, koma ndinalitengera kwa ogulawo, ndipo thandizo la pa maliro lomwe ndinkapereka mwa ine ndekha tsopano lalembedwa m'malamulo a kampani.

Loya mupeze wanu. Ogulawo anati loya wawo akhoza kutilembera tonse kuti tisaononge ndalama. Ndinathokoza n'kukana. Wanga ndi amene anaona ndime yondiletsa kuchita malonda alionse a mtedza m'dziko lonse kwa zaka khumi. Kuti ndisakatsegule fakitale ina ya chiponde kutsidya kwa msewu, zimenezo n'zomveka. Koma ndime ija ikanandiletsa ngakhale kugulitsa nsinjiro kapena mtedza wa m'munda mwanga. Tinaidula, yatsala ya chiponde chokha, kwa zaka zochepa. Anaonanso kuti malonjezo omwe ndikusainira, oti ndidzabweza ndalama kukadzatuluka ngongole yakale, analibe malire a nthawi kapena a kuchuluka kwake. Tsopano ali nawo.

Yomwe yatsala ndi nkhani ya dzina. Pa botolo pali dzina la malemu mayi anga, ndipo ndinalilembetsa kwa Registrar General m'dzina langa, osati la kampani. Ogulawo akulifuna, chifukwa ndi lomwe anthu amafunsa m'mashopu. Ine sindikukana, koma ndikufuna zilembedwe kuti akadzayamba kuthiramo mafuta otchipa kapena kugula mtedza wosapimidwa chuku, dzinalo lichoke pa botolo. Loya wawo akuti ndime yotere sanaionepo. Wanga akuti ilembeka. Tikumananso ku Lilongwe sabata ya mawa.

Ndine wanu,
Mayi wa chiponde,
Mchinji